Kalata yotseguka kwa oyang'anira zitsime za ku Nevada: musatseke chitsime chimene chingakutsutseni

Kwa akuluakulu a Department of Energy amene mumayang'anira madzi a pansi pa nthaka ku Nevada National Security Site, malo amene dziko la United States linkayeserapo mabomba a nyukiliya, ndi kwa akuluakulu a Nevada Division of Environmental Protection amene mumavomereza kapena kukana zimene anzanuwo abweretsa.

Olemekezeka,

Ndisanabwere kuno ku Las Vegas ndinali mmisiri wa mijigo kwathu ku Malawi, ku Chigwa cha Shire. Zaka zambiri ndinazithera panjinga, masipanala atamangidwa pakaliyala, kuzula ndodo za mjigo wa Afridev, kusintha marabala, ndi kumvetsera amayi a pachitsime akundiuza zimene madzi awo achita chaka chimenecho. Ndikulemba monga munthu amene manja ake amachidziwa chitsime, ndipo ndikulemba m'chinenero chimene ndimaganiziramo, kuti anzanga a kwathu nawonso amve zimene ndikukupemphani.

Pempho langa ndi limodzi. Mukakhala pansi kuunika zitsime zanu zoyesera madzi, kuti muone zoti zitsale, zoti ziziyesedwa mwa apo ndi apo, ndi zoti zithiridwe simenti, funso loyamba lisakhale lakuti kodi chitsimechi chikugwirizana ndi masamu athu a pakompyuta olosera kumene poizoni wa mabomba akulowera. Funsani kuti: ngati masamu athu ali olakwika, kodi chitsime chimenechi chingatiuze?

Mbiri yake mukuidziwa kuposa ine. Kuyambira pa 27 Januwale 1951 mpaka pa 23 Sepitembala 1992, dziko lino linayesa mabomba a nyukiliya maulendo 928 pamalo amenewo, makilomita pafupifupi 105 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda uno. Maulendo 100 bomba linaphulikira mumlengalenga, maulendo 828 pansi pa nthaka. Mwa a pansiwo, pafupifupi ulendo umodzi pa atatu alionse bomba linaphulikira pafupi ndi madzi kapena m'madzi mwenimwemo. Zotsalira zakezo simudzazikumba n'kuzichotsa. Munanena nokha kuti n'zosatheka, ndipo ine ndikukukhulupirirani, chifukwa palibe makina amene angachape thanthwe lokwiririka pansi penipeni chotero. Choncho pangano limene inu a Department of Energy munasainirana ndi boma la Nevada mu 1996 linaima pa miyendo iwiri: kujambula pakompyuta malire a pamene poizoni angafike m'zaka 1,000, ndi kulondera malirewo ndi zitsime. Mwendo umodzi ndi masamu, winawo ndi paipi yolowa m'thanthwe. Mwa iwiriyi, ndi paipi yokha imene imakhudza madzi enieni.

Ndiloleni ndikukumbutseni nkhani ya zitsime za ER-20-5, chifukwa kwa ine ndiyo mutu wa nkhani yonse. Zitsime zimenezi zinakumbidwa pa Pahute Mesa, chitunda cha kumpoto chakumadzulo kwa malo oyeserawo, pafupi ndi pamene panaphulikira bomba la Tybo mu 1975. M'madzi mwake munapezeka plutonium, chitsulo chapoizoni chopangira mabombawo. Aliyense akanati ndi ya Tybo, popeza ndiyo inali pakhomo. Koma a Annie Kersting a ku Lawrence Livermore National Laboratory ndi anzawo atayesa bwino mitundu ya plutonium imeneyo, anapeza kuti chizindikiro chake sichinali cha Tybo. Chinali cha Benham, bomba lalikulu limene linaphulitsidwa mu Disembala 1968, makilomita 1.3 chakumpoto. Analengeza zimenezi mu 1999. Nthawi imeneyo chikhulupiriro cha ambiri chinali chakuti plutonium siyenda, imamatirira pamwala pomwe yagwera chifukwa sisungunuka bwino m'madzi. Koma iyo inali itakwera pa tinthu ting'onoting'ono ta dongo ndi miyala toyandama m'madzimo, n'kudutsa m'ming'alu mtunda wonsewo m'zaka zosakwana 30.

Ndikudziwa kuti inali yochepa kwambiri, yosafika pa mlingo woopsa pa madzi akumwa, ndipo sindikufuna kuopseza munthu ndi nkhaniyi. Chimene chimandigwira mtima ndi china. Chitsimecho chinayankha funso limene sichinafunsidwe. Chinakumbidwa kuti chiyang'ane bomba lina, n'kugwira lina. Pakanakhala munthu wa cholembera amene akanachiyeza ndi mlingo wakuti "kodi chikutiuza zimene tikuyembekezera", sakanaona phindu lake. Phindu lake linali kukutsutsani, ndipo maphunziro onse a kayendedwe ka plutonium pansi pa nthaka anasintha chifukwa cha icho.

Ku Chikwawa ndinaphunzira kuti pansi pa nthaka sipafanana ndi pamwamba. Mumakumba apa, madzi okoma. Mumasuntha pang'ono, m'mudzi womwewo, madzi a mchere oti ngakhale nyemba sizipsa bwino, sopo satuluka thovu. Nthawi zina kusiyana sikukhala kwa malo koma kwa kuya: mapaipi obowoka aja, amene amalowetsa madzi, aikidwa pa mchenga wolakwika. Kumenekotu ndi kudothi ndi mchenga wa mtsinje, kumene madzi amafalikira ndithu. Nanga Pahute Mesa, kumene kuli miyala ya chiphalaphala ndi phulusa la mapiri ophulika akale, yosanjikizana, yothyokathyoka, madzi akuyambira mamita mazanamazana pansi? Kumeneko madzi amasankha mng'alu. Chitsime chikhoza kukhala pafupi kwambiri ndi njira ya poizoni koma n'kumatulutsa madzi oyera chaka ndi chaka, chifukwa chaphonya mng'aluwo pang'ono chabe, kapena chifukwa mapaipi ake obowoka ali pa thanthwe lapamwamba pamene poizoni akuyenda lapansi. Chotero mukaona chitsime chimene sichinaonetsepo kanthu, muli ndi mafotokozedwe awiri patsogolo panu. Mwina poizoni sanafike. Mwina chitsimecho chili ndi maso koma sichipenya. Kuunika kwenikweni ndiko kulekanitsa ziwirizi, chitsime ndi chitsime, ndipo ndikupempha kuti pa chilichonse muzilemba poyera chimene chakutsimikizirani kuti chikupenya.

Palinso nkhani ya katungidwe. Mmisiri aliyense amadziwa kuti madzi oyamba kutuluka pa mjigo umene wagona nthawi yaitali si madzi a m'nthaka, ndi madzi a m'paipi, onunkha dzimbiri. Mumapopa kaye mpaka asinthe. Zina mwa zitsime zanu zili ndi pampu, zina ndi timapaipi topapatiza timene mumatungamo ndi kachitini kotsitsa pachingwe. Madzi otungidwa m'njira ziwirizi sanena zofanana nthawi zonse. Ndikumvetsa kuti kupopa chitsime chakuya chonchi kumadya ndalama zambiri, ndiponso madzi oipawo muyenera kuwasunga m'maenje oyalidwa pulasitiki. Komabe pepala limene mumapereka kwa anthu lizisonyeza kuti nambala iyi inachokera kopopa, iyi kotunga, kuti woliwerenga asaziyese zolemera mofanana.

Ndisakhale munthu woona zoipa zokha. Zimene munachita ku Frenchman Flat, dera lina la malo oyeserawo, zinandikondweretsa. Kumeneko kunaphulikira mabomba 10 okha a pansi pa nthaka, ndipo musananene kuti kafukufuku watha, mu 2012 munakumba zitsime ziwiri, ER-5-5 ndi ER-11-2, pafupi ndi pamene panaphulikira mabomba a Milk Shake ndi Pin Stripe. Munazikumba dala pamalo pamene kompyuta inkati poizoni ayenera kudutsa, kuti muone ngati ikunena zoona. Simunapeze poizoni wochuluka monga momwe inkaopera. Nkhani yabwino imeneyo. Koma taonani kuti ngakhale pamenepo masamu ndi thanthwe sizinanene chimodzi. Kusiyanako kunagwera kumbali yabwino, ndipo mu 2016 dera limenelo linalowa m'gawo la kulondera chabe. Madera a Yucca Flat ndi Rainier Mesa anatsatira mu 2020. Nkhawa yanga ndi yakuti mtima wa munthu ukaona zinthu zikuyenda bwino katatu, umayamba kuyesa kuti kachinayi ziyendanso chimodzimodzi. Pahute Mesa si Frenchman Flat. Mabomba ake anali ochepa poyerekeza ndi a ku Yucca Flat, koma ndiwo anali akuluakulu, moti zoposa theka la mphamvu ya poizoni imene inatsala pansi pa malo onsewo zili kumeneko. Ndiponso madzi ake ali ndi kolowera kodziwika: kumwera chakumadzulo, ku akasupe a ku Oasis Valley, kufupi ndi tauni ya Beatty. Madzi saiwala khwawa.

Mu 2009 chitsime cha ER-EC-11, chimene chili kunja pang'ono kwa mpanda wa malo anu oyeserawo, pa malo a asilikali a ndege, chinaonetsa tritium, mtundu wa haidrojeni wapoizoni wotsalira ku mabombawo. Kanali koyamba kuti mutsimikize kuti poizoni wa mabombawo wadutsa mpanda kudzera m'madzi a pansi. Inali pafupifupi ma picocurie (muyezo wa mphamvu ya poizoniyo) 12,500 pa lita, pamene lamulo la madzi akumwa limalola mpaka 20,000, ndipo zitsime zimene anthu amamwa zili kutali ndithu ndi pamenepo. Munalengeza, simunabise, ndipo ndikukuthokozani. Munanenanso kuti masamu anu anali ataneneratu kuti zidzatero. Chabwino. Koma chimene chinasandutsa ulosi kukhala umboni chinali chitsime, ndipo chitsimecho chinalipo chifukwa wina analimbikira kuti ndalama zipite pokumba kumene kunalibe bomba, kutsogolo kwa poizoni. Zitsime za mtundu umenewu, zochenjeza msanga, ndi zimene zimaoneka ngati zosagwira ntchito m'mabuku, chifukwa zaka zambiri zimangoti palibe kanthu. Mlonda amene sanakuwepo usiku wonse sindiye kuti wadya malipiro aulere.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandisowetsa tulo kwambiri, chimene ndi tritium yomweyo. Mumaidalira monga kalambulabwalo, ndipo m'pomveka: ndiyo yochuluka, ndipo imayenda ndi madzi chifukwa ili m'kati mwa madziwo, sikakamira pamwala. Koma pa zaka 12.3 zilizonse theka lake limatha. Kuchokera pa bomba lomaliza la 1992 padutsa kale zaka zoposa 30, ndipo kuchokera pa Benham zoposa 50. Pakadzatha zaka 100 kapena 200, kalambulabwalo ameneyu adzakhala atazimirira. Zimene zidzatsale ndi zija zosafulumira kufa, zimene theka lake limatha pa nthawi yaitali: carbon-14 ya zaka 5,730, plutonium-239 ya zaka 24,100, technetium-99 ndi chlorine-36 za zaka mazana a zikwi, iodine-129 ya zaka mamiliyoni. Zina mwa izi zimayendanso ndi madzi mosavuta. Inu nomwe munazionera pa Cambric, bomba laling'ono la 1965 ku Frenchman Flat, pamene munapopa chitsime cha RNM-2S, mamita 91 kuchokera pamene linaphulikira, kuyambira 1975 mpaka 1991. Tritium inabwera, chlorine-36, technetium-99 ndi iodine-129 nazonso zinabwera, pamene caesium ndi strontium zinatsalira m'mbuyo. Ndiye chitsime chimene lero chikuoneka chabwino chifukwa chimagwira tritium, chiyesedwenso ndi funso lakuti kodi chidzagwira zinazo tritium ikadzatha. Ndipo mibadwo ikubwerayo isadzawerenge kuti nambala ya tritium ikutsika n'kuganiza kuti madzi akuchira, pamene ndi tritium yokhayo imene ikufa.

Nkhani ya Cambric ili ndi mchira umene suyenera kuiwalika. Madzi amene ankapopedwa zaka 16 zija ankatayidwa mu ngalande yosawaka yopita ku dambo louma la Frenchman Lake. Ambiri analowereranso m'nthaka, atanyamula tritium yawo, n'kukaipitsa malo amene bomba silinafikeko. Chitsime si diso chabe. Ndi bala pa nthaka. Chikhoza kukoka poizoni kumene sakanapita, ndipo mapaipi ake akadzawola chikhoza kusanduka njira yolumikiza thanthwe la madzi oipa ndi la madzi abwino. Choncho sindikunena kuti chitsime chilichonse chisungidwe mpaka kale. Chimene chawola chitsekedwe bwino, ndi simenti kuyambira pansi. Koma potseka chimodzi, nenani chimene chalowa m'malo mwake, kapena fotokozani chifukwa chake pamalo amenewo sipakufunikanso diso.

Apa m'pamene ntchito yanga yakale imandilankhula kwambiri. Kwathu mjigo umatsegulidwa ndi nthungululu, alendo ajambulitsa, mfumu yalankhula. Pakapita zaka zingapo rabala yatha, komiti ya mjigo yamwazikana, thumba la ndalama zokonzera lauma, amayi abwerera kumtsinje. Koma m'kaundula mjigowo ukadali wamoyo, ukuwerengedwabe pa chiwerengero cha midzi imene ili ndi madzi abwino. Ndinaima pa mijigo yambiri yotere, udzu utamera pa simenti. Sindikuyerekeza dziko lolemera lino ndi midzi yathu pa chuma, koma chitsulo ndi chitsulo, ndipo kuiwala n'kwa anthu onse. Mwalonjeza zaka 1,000. Paipi yachitsulo ya m'madzi imakhala zaka makumi angapo. Ndiye kuti chitsime chilichonse chofunika chidzayenera kukumbidwanso kambirimbiri malire anuwo asanakwanitse zaka zawo. Dziko la United States lenilenilo langokwanitsa zaka pafupifupi 250. Ndani adzakumbe chitsime cholowa m'malo mwa ER-EC-11, ndipo ndalama yake idzachokera m'thumba liti? Bajeti ya boma imakambidwa chaka ndi chaka, ndipo dera likangolembedwa kuti latsekedwa, liwu lake m'chipinda cha bajeti limachepa. Ndikupempha kuti kuunika kwanu kuzitchula, pa chitsime chilichonse, zaka zimene chatsala nazo ndi mtengo wochikumbiranso, kuti aphungu a ku Washington adziwe kuti akulandira ngongole yanji.

Masamu anu amatenganso kuti madzi a pansi adzapitiriza kuyenda monga akuyendera lero. Koma chipululu chino sichinagone. Kufupi ndi Beatty kuli mapulani a migodi ya golide, ina mwa iyo ya kampani ya AngloGold Ashanti, ndipo ku Amargosa Valley anthu akhala akupopa madzi othirira kwa zaka zambiri. Mgodi umamwa madzi, ndipo amene amapopa kwambiri amakokera madzi a pansi kwa iye, monga momwe chitsime chakuya cha mnansi chimaumitsira chako. Dera lino linaphunzira kale zimenezi. Kupopa kwa alimi ku Ash Meadows kunatsitsa madzi a mu phanga la Devils Hole mpaka kansomba kosapezeka kwina kulikonse padziko kanatsala pang'ono kutha, ndipo nkhaniyo inakathera ku khoti lalikulu la dziko lino mu 1976. Sindikuti mgodi uliwonse udzakoka poizoni wa ku Pahute Mesa. Ndikuti chitsime chimene lero chili pambali pa njira, mawa chikhoza kukhala pakati pa njira, ngati opopa asintha kolowera madzi. Zitsime zimene a United States Geological Survey amangoyezamo kuya kwa madzi, zosatungidwa n'komwe, ndi zimene zidzayambe kuona kusinthako. N'zotsika mtengo kuzisamala, ndipo ndi zomwe zimavuta kuziteteza pamene mpeni wa bajeti wafika.

Musaiwale kuti mukulankhula ndi anthu amene anauzidwapo kale kuti palibe choopsa. A ku St. George ku Utah ndi midzi ina ya kumene mphepo inkalowera anauzidwa choncho fumbi la mabomba likugwera pa ziweto zawo, ndipo boma linadzavomera ndi lamulo la chipukuta misozi mu 1990, ambiri atagona kale. A mtundu wa Western Shoshone, amene anali kuno azungu asanafike, amanena kuti nthaka imeneyo ndi yawo, akuloza pangano la Ruby Valley la 1863, ndipo akasupe a m'chipululumo kwa iwo si manambala a papepala. Munthu wotere mukamuuza kuti kompyuta yati muli bwino, sagona tulo. Amafuna aone botolo likudzazidwa pa chitsime chake, ndi munthu amene salandira malamulo kwa inu. N'chifukwa chake ntchito imene boma la Nye County limachita yoyesa lokha tritium m'zitsime ndi akasupe, ndi ya Desert Research Institute yogwira pamodzi ndi anthu a m'matauni ozungulira, ndi zamtengo wapatali kuposa ndalama zimene zimadya. Zisakhale zoyamba kudulidwa. Ndipo anthu wamba a mu komiti yokulangizani ya Nevada Site Specific Advisory Board akakupatsani maganizo awo pa zitsime, muziwayankha mfundo ndi mfundo, makamaka pamene mwakana. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwina mungadabwe kuti Mmalawi zikumukhudza bwanji. Choyamba, ana anga akukulira m'boma lino. Chachiwiri, kwathu ku Karonga kuli mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014, ndipo wayambanso kugwira ntchito mu 2025. Uli pafupi ndi mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, nayenso n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Mgodi si bomba, ndipo sindikusakaniza ziwirizi. Koma funso la zitsime zolondera ndi lomwelo: zili pamalo oyenera kodi, akuzitunga ndani, zotsatira zake akuziona ndani, ndipo adzazisamala ndani eni ntchito atapita. Maiko ang'onoang'ono amayang'ana zimene inu mwachita n'kuzitenga ngati muyezo. Mukati chitsime chimene chakhala choyera zaka zingapo chikhoza kusiyidwa, mawu amenewo adzabwerezedwa kutali, ndi anthu amene alibe akatswiri anu ngakhale ndalama zanu.

Ndikadutsa pa msewu wa US 95, kupitirira pokhotera ku Mercury mpaka ku Beatty, ndimaima pamene pali mitengo yobiriwira ya ku Oasis Valley. Pakati pa chipululu chouma gwa, madzi akutumphuka okha, achule akulira. Madzi amenewo ayenda nthawi yaitali pansi pa mapiri asanaone dzuwa, ndipo amene akubwera pambuyo pawo adutsa pansi pa Pahute Mesa.

Pa msonkhano wotsatira umene mudzachititse ku Beatty kapena ku Amargosa Valley, bweretsani pepala limodzi lolembedwa m'mawu a anthu wamba. Pakhale dzina la chitsime chilichonse cha pakati pa Pahute Mesa ndi akasupewo, thanthwe limene chimamwamo, tsiku limene chinatungidwa komaliza, ngati chinapopedwa kapena kutungidwa ndi kachitini, zimene zinayesedwa kupatula tritium, ndi zaka zimene mapaipi ake atsala nazo. Pa zimene mukufuna kusiya, lembani chifukwa chake, ndi dzina la ofesi imene yasaina. Ine ndidzabwera, ndipo ndidzakhala pa mpando wakutsogolo kuti ndiwerenge bwino.

Ndine wanu mwaulemu,

Mmisiri wakale wa mijigo wa ku Chigwa cha Shire,
wokhala ku Las Vegas, Nevada